MPIRA: KODI TIUBZALE, KAPENA TIUSAMALE?

Inu alimi a m'midzi yozungulira migodi, ndi inu amene mugona m'Chimwemwe koma makasu anu ali kuminda ya m'mbali mwa Kafue, tamverani nkhani iyi. Tsiku lina mulawire mbandakuca, muime pambali pa mseu wolowa m'Kitwe, ndipo mupenye pansi. Mudzaona njinga zitasenza matumba a makala, madengu a matimati ndi mitolo ya ndiwo zamasamba. Mudzaona mawilibala, mabasi ndi magalimoto akuru onyamula mkuwa. Zonsezi ziyenda pa cinthu cimodzi, ndico mpira. Mlimi akhoza kulima bwino, mvula nkubvumba bwino, koma tayala likaphulika panjira matimati ace afika pamsika atafota, ogula atamwazika, ndipo thukuta la miyezi itatu lipita pacabe.

Kapena mudamvapo munthu alikunena kuti mpira uli ndi ndarama zambiri, ndi kuti mlimi wocenjera ayenera kuleka cimanga nabzala mitengo ya mpira. Ife tinena mosabisa kuti kuno ku migodi mau amenewo ngosokeretsa. Phindu la mpira kwa mlimi wa kuno siliri m'kubzala ai, koma m'kudziwa ndi kusamala mpira umene wagula kale. Koma simuyenera kubvomera mau athu wamba. Yambani mwamva kumene mpira ucokera ndi mapangidwe ace, ndipo pambuyo pace muweruze nokha.

MPIRA WA MUMTENGO

Mpira uli wa mitundu iwiri: wa mumtengo ndi wa m'fakitale. Tiyambe ndi wa mumtengo, pakuti ndiwo mkuru kubadwa.

Mudziwa kuti mukathyola nthambi ya mkuyu kapena ya nkhadze pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Mitengo yambiri iri ndi utomoni wotere, koma umodzi wokha ndiwo udyetsa mafakitale a dziko lonse lapansi. Dzina lace ndi Hevea, ndipo kwao ndi ku nkhalango za mtsinje wa Amazon, m'dziko la Brazil. M'caka ca 1876 Mngelezi wina dzina lace Henry Wickham anatola njere za mtengowu zokwana ngati 70,000 napita nazo ku munda wa Kew, ku London. Zimene zinamera sizinakwane ndi 3,000 zomwe. Mbande zace anazitumiza ku Ceylon ndi ku Singapore, ndipo kucokera pa mbande zowerengekazo panabadwa minda yaikuru ya ku Malaya ndi maiko oyandikana nalo. Lero maiko a Thailand ndi Indonesia ali pakati pa otsogola pa ulimi umenewu, ndipo muno mu Africa dziko lokolola mpira wambiri ndi Côte d'Ivoire. Gawo lalikuru la mpirawo licokera m'minda ya alimi ang'ono onga inu nomwe.

Mtengo wa Hevea suthamanga. Mlimi aubzala, aupalira, auchinjiriza ku moto ndi ku mbuzi zaka 6 kapena 7 osalandirapo kanthu. Pa ekala imodzi pabzalidwa mitengo ngati 200. Thunthu likakula mokwanira, pamenepo ayamba kukama, ndipo mtengo wosamalidwa bwino upatsa utomoni zaka 25 kapena kuposapo.

KAKAMIDWE NDI KAUMITSIDWE KACE

Wokama alawira kusanace, cifukwa utomoni uyenda bwino kukali kozizira. Atenga kampeni kokhota nasenda kakhungwa kopyapyala kwambiri, mopendekera, kuzungulira theka la thunthu. Nchito imeneyi ifuna dzanja lodekha: akasenda pang'ono utomoni sutuluka wambiri, akalowetsa mpeni kufikira pamtengo weniweni apanga bala limene lidzasanduka cotupa, ndipo pamenepo sipadzakamikanso bwino. Njira iyi yosenda osapha mtengo anaikonza bwino Henry Ridley, amene anayamba kuyang'anira munda wa zomera wa ku Singapore m'caka ca 1888. Utomoni utsata mzerewo nudonthera m'kacikho komangidwa pathunthu. Pakapita maora atatu kapena anai uleka kudontha, ndipo wokama abwerera ndi ndowa kudzasonkhanitsa. Mtengo aupumitsa tsiku limodzi kapena awiri asanaukamenso.

Mwa magawo atatu a utomoniwo, gawo limodzi lokha ndilo mpira, otsalawo ngamadzi. Tsono ausefa kucotsa zitsotso, authira m'mbale zazikuru, nathiramo asidi pang'ono. Monga mkaka wa ng'ombe umagwirana ukasasa, momwemonso utomoni ugwirana nusanduka cigamba coyera cofewa. Cigambaco acipititsa pakati pa zitsulo ziwiri zozungulira zimene zifinya madzi ndi kucipyapyalitsa. Pambuyo pace aciyanika m'nyumba ya utsi masiku angapo. Utsi uumitsa mpira nuletsa nkhungu, ndipo mpirawo usanduka wofiirira ngati uci. M'mafakitale ambiri a masiku ano amaduladula mpira wogwiranawo tizidutswa, kuutsuka, kuuumitsa ndi mpweya wotentha ndi kuupanikiza m'mitanda. Utomoni wofunika ukali wamadzi, monga wopangira magolovesi a kucipatala, authira mankhwala a amoniya kuti usagwirane panjira.

Pali cinthu cina cimene cidzadabwitsa inu a ku migodi. Mpira wauwisi udana ndi mkuwa. Kamkuwa kakang'ono kakalowa m'mpira kaufulumizitsa kukalamba, nuyamba kunanda ndi kuonongeka. Cifukwa cace okonza utomoni sagwiritsa nchito ndowa kapena sefa za mkuwa.

KUPHIKA MPIRA NDI SULFURE

Mpira wauwisi suthandiza kwenikweni. Kukatentha unanda ngati ulimbo, kukazizira uuma gwa. Anthu anabvutika nao zaka zambiri kufikira caka ca 1839, pamene Charles Goodyear wa ku America anapeza kuti mpira ukasanganizidwa ndi sulfure nuphikidwa pamoto woposa wa madzi owira, usandulika: suopanso dzuwa kapena cisanu monga kale, ndipo ukakokedwa ubwerera m'malo mwace. Sulfure ameneyu ndi yemweyo amene ali m'miyala ya mkuwa, amene pfungo lace anthu a kuno alidziwa mu utsi wa ng'anjo umene aucha senta.

Cimene cicitika m'katimo ticiyerekeze ndi mphasa. Mpira wauwisi uli ngati mulu wa bango long'amba: mukakoka limodzi lisololoka, mukapondapo libalalika. Sulfure ndiye cingwe cimene cisoka bangolo kuti likhale mphasa imodzi yopindika koma yosamwazika. Ndiponso kumbukirani mbiya: dongo likaochedwa silibwereranso kukhala dongo. Momwemo mpira wophikidwa sungasungunulidwe kuti muumbenso cina. Munthu woika tayala pamoto sapeza mpira, apeza utsi ndi phulusa basi.

Pofuna kupanga tayala, asanganiza mpira ndi sulfure, mafuta, mankhwala oletsa kukalamba, ndi mwaye wosalala wopangidwa potentha mafuta mopanda mpweya wokwanira. Mwaye umenewu ndiwo udetsa tayala, ndipo ndiwo ulilimbitsa kuti lisaperepeseke msanga pamseu. Ayala mpirawo pamodzi ndi nsaru zolimba ndi mawaya a citsulo, naika zonse m'cikombole cotentha cimene cidinda mizere ya pamwamba ndi kuphika tayala nthawi yomweyo. Mawayawo awakuta ndi mkuwa wosanganiza ndi zinki kuti mpira uwagwire zolimba pophika. Cotero mkuwa umene uononga mpira wauwisi ndiwonso umanga tayala la galimoto. Tayala lopopa mpweya, limene linapeputsa njinga, analichukitsa John Boyd Dunlop ku Belfast m'caka ca 1888, ndipo kuyambira pamenepo dziko lonse linamva njala ya mpira.

MPIRA WA M'FAKITALE

Mtundu waciwiri sumera m'munda. Upangidwa kucokera ku mafuta a pansi pa nthaka, omwewo amene atipatsa petulo ndi dizilo. Anzeru a ku Germany ndiwo anatsogola: Fritz Hofmann anapanga mpira wotere m'caka ca 1909, ndipo m'caka ca 1929 anzace ena anapeza mtundu wolimba wochedwa Buna S. Koma cimene cinakuza nchito imeneyi ndi nkhondo. Pa 15 February 1942 ankhondo a Japan analanda Singapore, ndipo minda ya mpira ya ku Malaya ndi zisumbu za kumeneko inagwa m'manja mwao. Maiko a Britain ndi America anatsala ndi magalimoto ndi ndege zosowa matayala. Boma la America linamanga mafakitale mofulumira, kotero kuti pofika 1945 anali kupanga matani oposa 700,000 pa caka.

Mapangidwe ace ndi awa. Mafuta awatenthetsa kwambiri kufikira aphwanyika natulutsa mpweya wochedwa butadiene. Atenga magawo ngati atatu a mpweyawo ndi gawo limodzi la mankhwala ena ochedwa styrene, nazitakasa pamodzi ndi madzi ndi sopo m'matanki a citsulo. M'menemo tinthu tating'ono tosaoneka ndi maso tilumikizana m'mizere yaitali monga mikanda pa ulusi, ndipo mutuluka mkaka woyera wofanana ndi wa mumtengo. Authira mcere ndi asidi kuti ugwirane, autsuka, auumitsa, naumanga m'mitanda. Kucokera pamenepo njira ndi imodzimodzi: mwaye, sulfure ndi moto.

Lero mpira woposa theka wa dziko lonse ngwa m'fakitale, ndipo uli wa mitundu yosiyana, uliwonse ndi nchito yace. Wochedwa butyl, umene unapezedwa m'caka ca 1937, sulola mpweya kupyola msanga. Ndiwo apangira macubu ambiri. Wochedwa nitrile suopa mafuta; ndiwo apangira mapaipi a dizilo ndi timphira totseka m'mainjini. Komabe mpira wa mumtengo sunagonje. Sutentha msanga pansi pa katundu wolemera ndipo sung'ambika wamba, cotero matayala a ndege, a magalimoto akuru, ndi a zimphona zonyamula miyala monga za ku mgodi wa Nchanga ku Chingola, afuna mpira wa mumtengo wambiri.

MAKOLO ATHU ANAUDZIWA MPIRA

Musayese kuti nkhaniyi njacilendo m'dziko lino. M'misitu yathu muli mitengo yoyanga imene azungu aicha Landolphia, imene zipatso zace anthu a kuno azicha mabungo. Makolo anali kuceka khungwa lace, kupaka utomoni pamkono kuti uume, ndi kuukulunga m'timibulu. Mtundu wina anali kukumba mizu yace, kusinja makungwa ndi kutsuka kufikira patsale mpira wokha. Timibulu timeneti anali kugulitsa kwa amalonda, ndipo Nyasaland ndi Northern Rhodesia, amene tsopano ndi Malawi ndi Zambia, anatumizako mpira wa kuchire kunja. Pa mtsinje wa Chambeshi panali ndi fakitale ya mpira. Inalipo m'mwezi wa November 1918, pamene mkuru wa ankhondo a Germany, von Lettow-Vorbeck, anamvera kufupi ndi pamenepo kuti nkhondo yatha.

Koma mpira wa kuchire uli ndi mbiri ya misozi. Kutsidya kwa malire athu, ku Congo, m'zaka za 1885 kufikira 1908 pamene dzikolo linali m'manja mwa Mfumu Leopold II ya ku Belgium, anthu anaumirizidwa kusonkha mpira. Midzi yoperewera muyeso inatenthedwa, anthu anakwapulidwa, ena anadulidwa manja, ndipo osawerengeka anafa. Ndipo taonani matsiriziro ace: mtengo wa mpira pamsika unakwera kopambana m'caka ca 1910, koma pofika 1914 minda ya ku Asia inali itapambana mpira wa m'nkhalango. Mtengo unagwa, amalonda anacoka, ndipo anthu anatsala ndi misitu yosakazidwa.

Singapore atagwa, Boma la nthawi imeneyo linakumbukiranso mitengo yoyanga ija. Kuyambira 1942 kufikira 1946 anthu a m'midzi, makamaka kumpoto kwa dziko lino, anauzidwa kupyolera mwa mafumu ao kuti alowe m'chire kukafuna mpira wa nkhondo. Inali nchito yowawa, ya malipiro ocepa, yocotsa anthu kuminda. Nkhondo itatha, mpira wa ku Malaya unabwerera, wa m'fakitale unacuruka, ndipo wa kuchire sunafunikenso. Kawiri konse msika unaitana, kawiri konse unatseka citseko. Phunziro lace ndi ili: mbeu imene simungadye, imene mtengo wace uikidwa kutali ndi anthu osakudziwani, muziilowa ndi maso awiri.

KODI TIBZALE HEVEA KUNO?

Wina adzati, "Nanga ku Malawi bwanji? Si uko mitengo ya mpira ikula bwino?" Zoonadi. Pa Vizara, kufupi ndi Nkhata Bay, pali munda wa Hevea umene unayambidwa ndi kampani ya African Lakes, ija anthu aidziwa ndi dzina la Mandala, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Mitengo ikamidwa kumeneko, yokalamba icekedwa matabwa, ndipo apaulendo amakumana ndi anyamata ogulitsa mipira yosewerera yokulungidwa ndi utomoni womwewo. Koma funsani cifukwa cace munda umenewu uli pamenepo osati pa Lilongwe kapena pa Chipata. Nkhata Bay ali m'mphepete mwa nyanja, kunsi, kotentha, ndipo ali pakati pa malo a mvula yambiri m'Malawi monse. M'dziko lino namonso, pamene Boma linayesa kubzala mpira linasankha Nchelenge, kufupi ndi nyanja ya Mweru, osati Kitwe kapena Ndola.

Hevea ndi mwana wa nkhalango yonyowa. Afuna mvula ya mamilimita ngati 2,000 pa caka, ndiwo mainchesi 80, yogwa miyezi yambiri, ndi kutentha kosalekeza. Kuno ku migodi tilandira mamilimita ngati 1,300, ndiwo mainchesi 50 ndi pang'ono, ndipo pafupifupi yonse igwa kuyambira November kufikira April. Pambuyo pace pabwera miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yopanda dontho. Tikhala pamtunda wa mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo cisanu ca June ndi July mucidziwa nokha. Mtengo wotere ukhoza kumera kuno, koma udzakula mocedwa ndi kupatsa utomoni wocepa. Kumera kwa mtengo sindiko kupindula kwa mlimi.

Winanso adzati, "Tidzathirira." Werengani tsono. Mitengo 200 pa ekala, miyezi isanu ya cirimwe, zaka 7 musanaone ndi ngwee imodzi yomwe. Madzi omwewo mutathirira kabici, anyezi kapena cimanga caciwisi, mudzagulitsa pa Chisokone patapita miyezi itatu kapena inai. Ndipo mukadzakama, mudzagulitsa kwa yani? Utomoni uyamba kugwirana tsiku lomwelo. Alimi a ku Côte d'Ivoire apindula cifukwa mvula iwakomera, mafakitale ogula ali pafupi, ndi doko la zombo liri m'dziko lao lomwe. Ife nyanja yamcere iri kutali: paipi ya mafuta ya Tazama, imene inatsirizika m'caka ca 1968, iyenda makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Ku Ndola komweko kunali fakitale ya matayala ya Dunlop, koma mpira wace unali wocokera kunja, ndipo fakitaleyo inatsekedwa. Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wina akabwera ndi mbande za mpira nakulonjezani cuma, mfunseni mafunso atatu: Kodi unaona kuti mtengo uwu ukukamidwa pamtunda wonga uno? Adzagula ndani, ndipo fakitale yace iri kuti? Ana anga adzadyanji zaka 7 zimenezo? Pambuyo pace pitani kwa mlangizi wa malimidwe musanatulutse ndarama.

PHINDU LIRI M'KUSAMALA

Popeza matayala ambiri amene mugula acokera ku maiko akutali, ndipo mtengo wao ukwera pamodzi ndi mtengo wa mafuta ndi wa ulendo, mlimi amene acititsa tayala kukhala zaka ziwiri m'malo mwa caka cimodzi wakolola mpira osabzala. Adani a mpira ndi anai: dzuwa, kutentha, mafuta, ndi kulemetsa. Sungani malangizo awa.

1. Popani mpweya wokwanira. Tayala lofewa lipindika m'mbali pozungulira paliponse, litentha, ndipo nsaru za m'kati ziduka. Yesani matayala a njinga m'mawa uliwonse musanamange katundu.

2. Musapyole muyeso wa katundu. Thumba limodzi loonjezera likhoza kukupatsani ndarama pang'ono lero, koma mawa lidzakugulitsani tayala, cubu ndi masipoko.

3. Imikani njinga, ngolo ndi wilibala pamthunzi. Timing'alu timene muona m'mbali mwa tayala losatha mizere ndi nchito ya dzuwa ndi mpweya. Ngolo ikakhala miyezi yosayenda, itukuleni pamiyala kapena pazipika kuti matayala asasenze katundu pamalo amodzi.

4. Mafuta asakhudze mpira wamba. Dizilo, petulo, palafini ndi girizi zitupitsa tayala, cubu ndi majombo, ndipo mpirawo ufewa nung'ambika. Paipi yothiririra madzi musapopere dizilo. Pogula paipi ya mafuta nenani poyera kuti mufuna ya mafuta.

5. Paipi ya kudimba muikhuthule madzi, muikulunge mosathyola, muisunge m'nyumba. Copopera mankhwala mucitsuke ndi madzi oyera tsiku lomwelo, kutali ndi citsime ndi mtsinje, pakuti mankhwala otsalira adya timphira ta m'kati, ndipo copopera codontha cinyowetsa msana wanu ndi poizoni. Magolovesi kapena majombo obooka musabvale popopera.

6. Pomata cubu musafulumire. Palani pobookapo kuti pakhale pokhakhala ndi poyera, pakani zomatira mopyapyala, dikirani kufikira ziume zosamata cala, ndipo pamenepo panikizani cigamba mwamphamvu. Cigamba coikidwa pa zomatira zamadzi cimatuka panjira. Musanabweze cubu, pisani dzanja m'tayala kufuna munga umene unalasa. Kuona maso a nkhono nkudekha.

7. Pogula tayala la galimoto logwirapo kale nchito, werengani zaka zace. M'mbali mwace, kumapeto kwa mzere woyamba ndi malembo akuti DOT, muli manambala anai: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi caka. Mukaona 3522, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 35 ya caka ca 2022. Opanga matayala ambiri alangiza kuti tayala lopitirira zaka 10 lisayendenso pa galimoto, ngakhale mizere yace ioneke yatsopano, pakuti mpira ukalamba ngakhale uli cigonere.

TAYALA LIKATHA

Tayala lakutha musalitenthe, kaya pofuna mawaya, kaya poocha njerwa, kaya powaula nkhumba kapena ziboda za ng'ombe. Utsi wace uli ndi sulfure, mwaye ndi mankhwala oipa amene alowa m'cifuwa ca ana ndi kutsalira pa nyama, ndipo phulusa lace liipitsa nthaka ndi madzi. Musalitayenso kuseri kwa nyumba, pakuti m'dzinja lisunga madzi ndipo udzudzu uswana m'menemo. Ngati mulisunga pabwalo, liboozeni kunsi kuti madzi azituluka.

Mmisiri wa manja aona cuma m'tayala lakutha. Mutuluka nsapato zolimba zolimira, zomwera nkhumba ndi nkhuku, zomangira zitseko za khola, ndi zochinga dothi pamalo otsetsereka. Cubu cakutha cipatsa malegeni omangira katundu panjinga ndi okulunga paipi yodontha. Ndipo tayala lalikuru limene thupi lace likali lolimba likhoza kubvekedwa mizere yatsopano kwa odziwa nchitoyo, pa mtengo wocepera wa latsopano.

MAU OTSIRIZA

Tsono mwamva ulendo wonse wa mpira: kucokera pa kacikho ka wokama wa ku Thailand ndi pa citsime ca mafuta, kupyola pa asidi, utsi, mwaye ndi sulfure, kuoloka nyanja, kufikira pa njinga yanu. Cinthu coyenda ulendo wotere siciyenera kusiyidwa padzuwa ngati cikuni.

Ndipo mitengo yoyanga ija ya m'misitu, imene makolo anaikumba ndi kuiceka m'masiku a nkhondo, muileke ikhale. Potema mitengo ya makala kapena potsegula munda, siyani msitu wa m'mbali mwa mtsinje umene iyangamo. Utomoni wace ulibenso wogula, koma mabungo ace abala caka ndi caka, ana adya, ndipo amai agulitsa pamsika popanda kudikira sitima ya pamadzi kapena mtengo wa ku London. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Limani mbeu zimene nthaka ndi mvula ya kuno zibvomera, ndipo madzulo ano, musanalowe m'nyumba, kacotseni njinga ija padzuwa, muyese mpweya wa matayala ace.